Anangozo ndi Munthu Wouluka wa M'galasi

Anangozo amagulitsa mpunga pa Golomoti, pafupi ndi pomwe maminibasi amaima. Nyumba yawo ndi yathu zinalekanitsidwa ndi mpanda wa udzu wokha, ndiye zambiri za iwo ndimazidziwa ngakhale sindine munthu wofunsafunsa. Dzina lawo laubatizo ndi Fagness koma sindinamvepo wina akuwaitana choncho. Ndi amayi aafupi, ojintcha, a mawu aakulu, ndipo akamayeza mpunga amakonda kuluma njere imodzi kuti wogula amve yekha kuti ndi wouma.

Koma chimene anthu amawadziwa nacho si mpunga. Kwa zaka zambiri anali mlangizi wa pa shawa, chilangizo chija amayi a mpingo amamuchitira mtsikana ukwati ukayandikira. Kwathu kuno mphatso siperekedwa chabe. Iliyonse imatsegulidwa pamaso pa anthu, mlangizi amaikweza m'mwamba n'kunena mwambo wake, mtsikana ali chizyolikire. Pa shawa yanga anaima ndi iwowa. Atanyamula sefa anati, "Mawu a apongozi ako uziwathira umu. Zotsala pamwamba usaphike, ukataye kudzala." Atanyamula fulasiki anati, "Mkazi weniweni ndi uyu. M'kati mukuwira koma kunja mwana amagwira osapsa." Anthu anaseka mpaka ena kutsetsereka pa benchi, ine thukuta lili kamukamu m'chitenje. Sukulu sanapite nayo patali, ngati ine ndemwe, koma panalibe chiwiya chowasowetsa chonena. Anamasulirapo ngakhale msampha wa makoswe.

Amuna awo, bambo Clement, anapita ku Joni kukafuna ntchito. Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse, kenaka pakutha pa mwezi, kenaka zii. Chaka chatha munthu wina wochokera komweko anabwera ndi nkhani yoti ali ndi mkazi wina ndi mwana. Anangozo sanalire pagulu. M'mawa mwake anayala mpunga wawo monga mwa masiku onse. Koma nkhani inafika kwa amayi a mpingo, ndipo atcheya awo, mayi Maliko, anayamba kulankhulira m'mbali kuti munthu amene banja lamukanika angalangize bwanji mwana wa eni. Sanawachotse ayi. Anangoti, "Tikaonera pa shawa ya Priscilla." Aliyense anamva chimene amatanthauza. Akakapunthwa pamenepo, basi, sadzaitanidwanso.

Priscilla ndi mtsikana wa m'mudzi mwathu, ndipo ankakwatiwa ndi Kingsley, wokonza njinga zamoto pa Mtakataka. Mphatso za kuchimuna zimafika msanga kwa make mtsikana, kuti mlangizi azione n'kukonzekera, chifukwa zimenezo anthu amazimva ngati mawu a banja lonse la mwamuna. Anangozo ananditenga kuti ndikawathandize kumasula mapepala ndi kumatanso bwinobwino. Ndinapita ndili ndi mwana wanga Onani kumbuyo.

Panali mbale, ndowa, ayironi ya makala, zonse zodziwika. Anangozo ankangogwedeza mutu, mawu ali nawo kale. Pomaliza panatuluka chinthu chathyathyathya chokulungidwa m'makatoni, chochokera kwa a Yunisi, achemwali ake a Kingsley amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Tinkayesa ndi kalilole. Titamasula tinapeza chithunzi, cha m'felemu yakuda, chotchinga ndi galasi.

Sichinali chithunzi cha kamera. Pepala lonse linali la buluu wakuda, ngati kumwamba mwezi usanatuluke, ndi timadontho toyera tambirimbiri, tina tokhala ngati njere za mpunga zotayika. Pakati panali munthu wogona chafufumimba m'malere, manja atatambasula, wopanda mapiko, wopanda nsapato. Nsalu yake inali ikuuluzika kumbuyo. Nkhope inayang'ana kwina, ndiye sukanadziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Pansi pake panali mbalame zingapo zolowera kumene iyeyo akuchokera. Pansi penipeni, pakona, panali kadontho kamodzi kachikasu. Kunsi kwa pepala wina analemba ndi pensulo 8/12, ndi dzina losawerengeka.

Make Priscilla anabwerera m'mbuyo n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Mayo ine! Munthu wouluka usiku timamudziwa kuno. Akutipatsa chiyani anthu amenewa?"

"Taimani kaye," anatero Anangozo. "Lichero lake lili kuti? Ndipo munamvapo mfiti youluka itavala?"

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi mwambo."

"Wotani?"

Aka kanali koyamba kuwaona Anangozo chinthu chitawakanika kumasulira. Anachitembenuza chadodolido, munthu uja n'kukhala ngati akugwa chagada. Anachiimika chambali, n'kukhala ngati akukwera khoma. Make Priscilla anati 8/12 ndi pa 8 Disembala, pomwe ukwati unali wa Okutobala, ndiye pa tsikulo akufuna kudzachitika chiyani? Anati chinthucho sichigona m'nyumba mwawo. Tinachitenga.

Panjira ndinalimba mtima ndinati, "Amayi, bwanji osangowaimbira a Yunisiwo?"

"Iwe make Onani, unaonapo msing'anga akufunsa wodwala dzina la mankhwala? Ndikaimba lero, mawa mayi Maliko amva kuti Nangozo akupempha mwambo pa foni."

M'mawa mwake anasiyira mpunga mnzawo wa tomato, n'kundiuza kuti tipite ku Mua. Kumeneko kuli anthu osema ndi ojambula, ndipo mmodzi wa iwo, a Laisoni, ndi msuweni wawo. Chithunzi ndinachinyamula ine pamiyendo mu minibasi, titachikuta ndi chitenje. Koma Onani anakoka chitenjecho, chithunzi chonse n'kukhala poyera.

"Amayi, ameneyu walipira?" anatero kondakitala. "Kapena popeza amauluka yekha mwangomuperekeza?"

Anthu anaseka. Bambo wina wonunkha usipa, amene anati akupita ku Mtakataka, anasuzumira pa phewa langa.

"Sakuuluka ameneyo. Wamira. Mukumuonera pansi pa madzi. Toyerato ndi nyali za asodzi pamwamba. Ine ndinagwapo m'bwato usiku, zimaoneka chonchi ndithu."

"Mbalame m'madzi?" anafunsa Anangozo.

"Mwina ndi nsomba zosajambulika bwino."

Mayi wina wa ku Bwanje, amene anali ndi khasu latsopano pakati pa miyendo, anakana. "Ameneyo ndi mlimi wa mpunga. Tsiku lonse waingitsa mpheta, ndiye usiku akulota akuzithamangitsa kumwamba komweko. Ine zimandichitikira, ndimadzuka ndikukuwa."

"Nanga bwanji akulowera kwina mbalame kwina?"

"Watopa. Wazisiya zidye."

"Ndi mngelo, inu," anatero mayi wachikulire wa kutsogolo, osacheuka n'komwe.

"Mwachiona, agogo?"

"Sindinachione, koma wouluka wabwino ndi mngelo basi."

Anangozo ankamvetsera aliyense ndi nkhope ya munthu wogula mbuzi. Titatsika anandinong'oneza kuti, "Ndikaime pamaso pa alamu ake a Priscilla ndikati mwatipatsa munthu womira?"

A Laisoni tinawapeza pansi pa mtengo akupala chosema ndi sandipepa, tsitsi lonse lili mbuu ndi fumbi la matabwa. Anapukuta manja pa buluku, nachitenga chithunzi mwaulemu kuposa mmene ife tinkachigwirira. Anachipendeketsa ku dzuwa nthawi yaitali.

"Ichi sanapente ndi bulashi," anatero. "Munthu anasema thabwa, n'kulipaka inki, n'kulidinda papepala, ngati chidindo cha ku ofesi. Poyera ponse mukuonapa ndi pomwe mpeni unadya. Nyenyezi iliyonse ndi bala. Dzanja lake ndi lofatsa, taonani zala za kumapazizi."

"Za mpenizo ndamva, msuweni. Nanga pa 8 Disembala pali chiyani?"

A Laisoni anaseka mpaka kutsokomola. "Si tsiku limenelo. Anadinda zofanana thwelofu, ichi n'cha nambala eyiti."

"Zofanana? Ndiye kuti kuli nyumba zina zimene zili ndi munthu yemweyu?"

"Eya."

"Onsewo akukwatiwa?"

"Ayi, amangogula n'kupachika."

Anangozo anakhala pa chitsa. Ndinaona kuti nkhaniyi yawasokoneza kuposa ya womira ija. Sefa zilipo zambiri zofanana, koma sefa umadziwa ntchito yake.

"Chabwino. Tsono ndiuze, akunena chiyani?"

"Ine ndimasema, asuweni, sinditanthauzira. Azungu akabwera pano amandiuza okha zimene ndasema, ine n'kumangoti yes."

"Iwe Laisoni, ndalipira minibasi anthu awiri."

"Chimene ndingakuuzeni n'choti thabwa limadinda mobwerera. Wosemayo pa thabwa lake munthuyu ankalowera uku, papepala watulukira akulowera uku."

"Ndiye akupita kapena akubwera?"

A Laisoni anatambasula manja ngati munthu wa m'chithunzi uja.

Tinabwerera kunyumba. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, Anangozo anandiitana pa mpanda. Anali atachiimika chithunzi pa khonde, chotsamira mtondo, iwo atakhala pa mkeka moyang'anizana nacho ngati mlendo. Nkhuku inabwera n'kujompha galasi, mwina inayesa mpunga.

"Iwe suyankhulayankhula, ndiye kuti umaona. Ukuona chiyani?"

Ndinachita manyazi. Ndinati mapazi ake akufanana ndi a Onani akagona, zala zopindikira m'kati, ndiye mwina munthuyo sakudziwa n'komwe kuti ali m'mwamba.

"Nanga kachikasuka?"

"Kaya, amayi. Mwina moto. Mwina windo."

Anakayang'ana nthawi yaitali kadontho kaja. Kenaka anawomba m'manja kamodzi, mmene amachitira akamaliza kukangana ndi wogula. "Basi. Ndi mngelo. Mngelo wolondera banja usiku. Palibe angatsutse mngelo m'holo ya tchalitchi."

Shawa inachitika Loweruka masana. Holo inadzaza, amayi a kuchikazi mbali iyi, a kuchimuna mbali iyo, mayi Maliko kutsogolo pa tebulo la nsalu yoyera. A Yunisi anafika mochedwa pang'ono, amayi aatali a magalasi, ndipo anapereka moni kwa akuluakulu atagwada bwinobwino. Priscilla anakhala pa mpando wake atazyolika. Ine ntchito yanga inali yowapatsira Anangozo mphatso imodziimodzi.

Tsiku limenelo Anangozo anayamba mwamphamvu. Pa ayironi ya makala anati, "Mwamuna akabwera atakwinyika, usamuike moto wambiri, upsereza malaya ako omwe." Pa ndowa anati ndowa yodontha imadziwitsa mudzi wonse njira ya kwanu. Nthungululu zinali pwirikiti. Ngakhale mayi Maliko ndinawaona akubisa kuseka m'mpango. Ndinati mumtima, apa zatheka.

Kenaka ndinawapatsira chithunzi. Atachikweza, holo inayamba kung'ung'udza. A kumbuyo anaimirira kuti aone.

"Priscilla mwana wanga," anayamba Anangozo, "alamu ako akupatsa mngelo. Inu mukagona, iyeyu sagona."

"Mapiko ali kuti?" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwa pa ayironi kuja.

"Angelo a masiku ano," anatero Anangozo, koma mawu anathera pomwepo. "Chabwino, tisiye mngelo. Taonani mbalamezi. Banja ndi munda wa mpunga, mwana wanga, mpheta sizisowa. Uziingitsa usana ndi usiku."

"Nanga bwanji wazipatsa msana?" Awa anali mayi Maliko eni ake, ndipo anafunsa mofatsa.

Anangozo anachitsitsa chithunzi, n'kuchitembenuzira kwa iwo eni. Anachiyang'ana ngati aiwala kuti muli anthu. Atayambanso kulankhula, mawu awo aakulu aja panalibe. Ndikuganiza kuti a kumbuyo sanamve zonse.

"Munthuyu wanyamuka anthu ali m'tulo. Nkhope wabisa. Sanatenge chikwama, nsapato wasiya, ndiye wotsalayo akuti abweranso, sangapite patali chonchi. Kachikasuka ndi nyali ya pakhomo pake. Pali munthu akuithirabe palafini." Anatembenukira kwa Priscilla. "Tsono apa ndiye sindikudziwa, mwana wanga. Sindikudziwa ngati ndikuuze kuti nyali yotere uzizimitsa kapena uziisiya iziyaka. Ndafunsa ku Mua, akuti thabwa limadinda mobwerera, wopita amaoneka ngati wobwera. Sindikudziwa."

Priscilla anadzutsa mutu n'kuwayang'ana, chinthu chimene mtsikana sachita pa shawa. Make anamugwira pakhosi n'kumuzyolitsanso. Mayi wina wa kuchimuna anati, "Kodi ndi shawa kapena maliro?" Wina pafupi ndi ine, amene amuna ake alinso ku Joni, anadzuka n'kutuluka panja chitenje chili kukamwa.

Mayi Maliko anagogoda tebulo. "Tisavutike, mwini mphatso alipo. Alamu, tithandizeni. Banja lanu likumuuza chiyani mwana wathu?"

A Yunisi anaimirira, akuoneka kuti nawonso asokonezeka. "Pepani amayi, ine sindinadziwe kuti chidzafunika kumasulira. Ndinachiona pa chionetsero ku Lilongwe, anasema ndi mtsikana wina. Chinandigwira mtima, ndiye ndinati khoma la nyumba yatsopano lisakhale lopanda kanthu."

"Ndiye mwambo wake?"

"Ndinamufunsa mwini wake kuti munthuyu akupita kuti. Anati iyenso sakudziwa, aliyense aziona zake."

"Wosema sakudziwa, wogula sakudziwa."

"Mwina ndi zomwe anena amayiwa," anatero a Yunisi, akuloza Anangozo ndi dzanja lonse. "Ine zandikhudza."

"Anena zitatu. Mwana atenge ziti?"

Wa zoimbira anaona kuti zavuta, anangoyatsa nyimbo, amayi n'kuyamba kuvina kupita kutsogolo kukafupa. Panatsala mphatso ziwiri, mpeni ndi nsalu ya pabedi, koma mayi Maliko anazikweza okha n'kunena mawu ochepa. Anangozo anandipatsa chithunzi, ine osadziwa pochiika, mpaka Priscilla anatambasula dzanja pansi pa tebulo n'kuchilandira, nachitsamiritsa ku miyendo yake.

Pobwerera anthu ankatsutsana njira yonse. Ena ankati Anangozo amulodza mwana ndi pakamwa, kumuuza za kuthawidwa asanalowe n'komwe m'nyumba. Ena ankati olakwa ndi a kuchimuna, kupereka chinthu chopanda ntchito, chosati n'kutungira madzi. Mayi wa amuna a ku Joni uja anati pa mashawa onse amene anapitako, tsiku limenelo ndi pomwe anamva zoona. Ine mpaka lero sindidziwa ngati zimene ananena zija zinali mwambo kapena kunali kulira chabe. Ndikaganiza mbali iyi ndimavomera, ndikaganiza mbali inayo ndimavomeranso.

Palibe anabwera kudzawauza Anangozo kuti mwachotsedwa. Kwathu sizichitika choncho. Mvula itayamba tinangomva kuti shawa ya Ulemu, mwana wa akatekisiti, mlangizi wake ndi mphunzitsi wina wa ku Mtakataka, wa banja lake lolimba. Kwa Anangozo anangotumiza uthenga wobwereka poto wawo wamkulu. Anamutsuka ndi mchenga mpaka kuwala, n'kumupereka.

Tsiku la shawayo anapita ku mpunga wawo, koma ine anandiuza kuti ndipite ndikamvere. Holo ili pafupi, ndiye nthungululu zinkamveka mpaka pamsewu. Nditabwerako ndinawapeza akulongedza, mitambo itada cha ku mapiri.

"Wayankhula bwanji?"

"Amawerenga pa foni, amayi."

"Sindinafunse zimenezo. Anthu anaseka?"

"Anaseka."

"Mtsikanayo anamva?"

"Ndikuganiza anamva."

Anagwedeza mutu. Anatola timiyala tiwiri mu mpunga n'kutitaya pamsewu.

"Ndiye zili bwino," anatero. "Tandigwirira thumbali kukamwa, mvula ingatipeze."